Chigubu Choyera

"Ndiye inu mukuti bambo anga ndi mfiti?"

"Ine sindinatero, bambo a Yeukai, musandinamizire. Ndangobwereza zimene anena a Madzibaba, mneneri wa kuphiri uja."

Luzia anali asanavule n'komwe mpango woyera umene anavala popita kuphiri kokapemphera. Anaima pakhomo pa nyumba yawo ya zipinda ziwiri, pakomboni ya famu ya fodya ya kufupi ndi Trelawney, atanyamula chigubu cha madzi. Mwamuna wake, Yeremiya, anakhala pa njerwa akupala matope ku majombo ake ndi kamtengo.

"Bwerezaninso, ndimve bwino."

"Akuti mzimu umene wagwira mwanayu sunachokere kutali. Uli m'nyumba mwathu muno, ukugona m'chinthu chachikopa. Ine sindinawauze kuti tili ndi ng'oma. Anaona okha."

"Komboni yonse ikudziwa kuti bambo ali ndi ng'oma. Ngakhale agalu a kwa foromani akudziwa. Zimenezo n'zofuna mneneri?"

"Sekani. Kaya mwanayu ndinabereka ndekha."

Yeremiya anataya kamtengo kaja. Pa za mwana sakanaseka. Yeukai, mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi zinayi, anali atagwa kawiri m'munda, Loweruka lina ndi linzake, akuthandiza amayi ake kuthyola fodya wonyowa ndi mame. Ulendo woyamba anasanza, pofika madzulo anali bwino. Ulendo wachiwiri anachita chizungulire mpaka anachita kumunyamula. Kiliniki inali kutali, ndipo nyengo yokolola thirakitala ya pafamu sinkanyamula wodwala woti akutha kulankhula. Ndiye Grace, mnzake wa Luzia, anatengera mnzakeyo kumasowe, paphiri la miyala pamene anthu ovala zoyera amapemphera Lachisanu lililonse, kwa Madzibaba Clemence amene ankatchuka ndi kutulutsa ziwanda.

"Nanga akufuna tichite chiyani?" anafunsa Yeremiya.

"Ng'oma itenthedwe. Mwana asalandire kanthu kuchokera m'manja mwa agogo ake, kaya ndi madzi, kaya ndi gwafa. Ndipo azimwa muteuro uwu, madzi opempheredwawa, m'mawa ndi madzulo." Anakweza chigubu chija, ndipo m'kati munalira timiyala titatu timene a Madzibaba anatipempherera n'kutiponyamo. "Wina aliyense asachikhudze. Ndine ndekha."

"Bambo anabatizidwa, amake Yeukai. Kutchalitchi amapita kuposa ine."

"Lamlungu kutchalitchi, Loweruka ku gule. Mulungu amapusitsidwa choncho?"

Kuseri kwa nyumba munthu anatsokomola. Anali a Tickey, bambo ake a Yeremiya, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata n'kugwira ntchito m'mafamu a fodya mpaka msana unapindika. Ndiwo ankaimba mbalule, ng'oma yotsogolera, pa maliro a anthu ochokera ku Malawi, pamene gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, watuluka kudzaperekeza womwalira. Luzia atawaona anabwerera m'kati pang'ono n'kutembenukira kukhoma. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati wake anali asanalankhulepo ndi apongozi akewo maso ndi maso. Mawu awo ankadzera mwa Yeremiya kapena mwa mwana.

A Tickey anali atakumbatira ng'omayo.

"Yeremiya, uwauze apongozi anga kuti ndamva. Ngati chimene chikudwalitsa akazi anga ndi chikopa cha ng'ombe ichi, chipse."

Mdzukulu wawoyo ankamutcha akazi anga chibadwire, monga agogo amasewerera ndi adzukulu, ndipo Yeukai ankawayankha kuti mwamuna wopanda mano sangamufune.

"Bambo, ng'oma imeneyi munati idzalira pa maliro anu."

"Za maliro anga adzaona okha a pamalirowo. Tenga machesi."

Ng'oma inapsa masana omwewo pabwalo, anthu a pakomboni akuonera chapatali. Phula la pakati linasungunuka, chikopa chinaphulika kamodzi, mtengo unayaka mpaka dzuwa kupendeka. A Tickey anaima pomwepo manja ali kumbuyo mpaka moto unazima. Luzia anamva mtima kupepuka. Anatsegula chigubu n'kuthirira mwana wake kapu yoyamba.

Chigubucho anavutika nacho kuchipeza. Lamulo la kumasowe linali lakuti madzi opempheredwa asalowe m'chotengera chakuda kapena chachikasu, chizikhala choyera ngati zovala zawo. Zigubu za mafuta ophikira n'zachikasu zokhazokha. Zoyera pafamupo zinkapezeka malo amodzi, pa mulu wa kuseri kwa shedi ya mankhwala opopera fodya, ndipo Grace ndi amayi ena ankatenga komweko. Luzia anasankha chooneka chatsopano, cha chivindikiro chofiira, anamatula pepala lake, anachitsuka katatu ndi mchenga ndi sopo.

Masiku oyamba Yeukai sanapite kumunda ndipo chizungulire chija chinatha. Luzia anayamika Mulungu. Koma pofika Lachitatu mwanayo anayamba kudandaula m'mimba. Ankatuluka thukuta kunja kukugwa mvula, malovu ankamudzaza m'kamwa mpaka kunyowetsa mtsamiro, ndipo minofu ya m'ntchafu inkagwedera yokha ngati pansi pa khungu pakuyenda kachilombo.

"Amayi, madziwa akununkha."

"Akununkha kwa chimene chili mwa iwecho. Imwa."

Lachisanu anamubereka kumbuyo, msungwana wamtali kale, miyendo ikugunda m'mawondo mwa amayi ake, n'kukwera naye kuphiri. Madzibaba Clemence anali munthu wometa mpala, wa ndevu zazitali, wolankhula motsitsa. Masiku ena onse ankamanga nyumba ku Trelawney, ndipo kumasowe sankapempha kanthu kwa munthu. Luzia ankawakhulupirira pa chifukwa chimenecho. Anagwaditsa mwanayo kuyang'ana kum'mawa, anamuika ndodo pamutu, amayi anayamba nyimbo. Yeukai ananjenjemera, anasanza pamwala, anagwera cham'mbali.

"Mwaona, mai?" anatero a Madzibaba m'Chishona. "Chagwidwa, ndiye chikulimbana. Muwonjezere madzi, katatu pa tsiku. Koma vuto lilipobe. Nyumba yake munatentha, mwini nyumbayo mukudya naye."

"Madzibaba, apongozi anga ndi okalamba. Alibe kopita. Ku Malawi sanapondeko zaka makumi asanu."

"Ine sindilamula munthu, mai. Ndimanena zimene ndauzidwa, kusankha n'kwanu. Ndipo ndikuuziranitu, adzanyoza madziwa. Mukadzamva wina akunyoza madziwa, mudzadziwe kuti ndi yemweyo."

Anadzaza chigubu chija ndi madzi ena a pachitsime cha paphiripo n'kuchipempherera.

M'mawa mwake Luzia akukolopa pamene mwana anasanzira, Yeremiya analowa akukanda m'mutu.

"Bambo akufunsa kuti chigubu chija munachitenga kuti."

Luzia anasiya chikolopa m'beseni. Panja, pafupi ndi zenera, a Tickey anayamba kulankhula mokweza ngati akuuza mwana wawo yekha.

"Yeremiya, uwauze kuti ine ndasakaniza mankhwala a fodya zaka makumi awiri ndi zisanu. Chivindikiro chofiira ndimachidziwa, ndachiona dzulo akutsika nacho kuphiri. Pulasitiki amamwa mankhwala, sopo satulutsa. Nthawi yathu chigubu chikatha tinkachiboola ndi msomali n'kuchikwirira. Mnzanga Cipriano anasungira madzi akumwa m'chigubu chotere pafamu ya ku Wedza. Malovu omwewa, miyendo yomweyi. Tinamuika m'manda sabata yachitatu. Uwauze ayang'ane m'maso mwa mwanayo, aone ngati kamwana ka m'diso sikanachepe."

Luzia sanayang'ane m'maso mwa mwanayo. Anayang'ana mwamuna wake.

"Mwamva nokha. Ananeneratu dzulo lomweli kuti adzanyoza madzi."

"Sakunyoza madzi. Akunena chigubu. Bwanji tithire madzi omwewo mu ndowa?"

"Anapempherera chigubu chomwechi. Tikasintha tiyamba poyambira, ndipo mwanayu alibe mphamvu zoyambiranso."

"Nanga kukiliniki? Ndikagwada kwa foromani."

"Muteuro ndi jakisoni sizisakanizana, munauzidwa kale. Bambo a Yeukai, ine ndatopa. Kapena achoke iwo, kapena ndibereka mwana wanga ndikakhale kumasowe mpaka achire. Sankhani."

"Ndi bambo anga."

"Uyu wagona apayu ndi wa yani?"

Yeremiya anayang'ana mwana wake, anayang'ana kuzenera. Sanali munthu wopirira phokoso. Dzuwa lisanafike pamutu ananyamula bulangete la bambo ake, kampoto ndi kathumba ka ufa, n'kuwaperekeza ku balani yakale ya fodya imene inasiyidwa kumapeto kwa munda. Luzia anawamva akudutsa.

"Si nthawi yaitali, bambo. Akangochira."

"Ine za pogona sindikudandaula. Ndagonapo moyipa kuposa m'balani. Iwe ukatenge chigubu chija ukataye."

"Ndiona, bambo."

"Uona. Unali woona chibadwire."

Yeremiya sanataye. Luzia anachibisa pansi pa bedi lawo.

Lachiwiri masana Luzia anathamanga kuchokera kushedi kumene amayi ankasoka fodya, kuti akamwetse mwana kapu ya masana simbi, chitsulo choitanira anthu kuntchito, isanalire. Atafika pakhomo anaima. A Tickey anakhala pa njerwa ya Yeremiya, chigubu choyera chili patsogolo pawo, pambali pake pali mbale yakale yodzaza ndi madeya.

"Mwalowa kuchipinda kwathu?"

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba amene Luzia anawalankhula kwa apongozi ake maso ndi maso.

"Ndalowa, mayi. Mlandu wake mudzandizenga pambuyo. Khalani pansi."

"Ndiitana anthu."

"Aitaneni, adzaonere limodzi. Chigubu chanu sindinatsegule. Ndangochitulutsa, popeza ndikanatsegula mukanati ndathiramo zanga. Tsegulani nokha, muthire pamadeyapa nokha, mupatse thadzi lanu lija ndi anapiye ake."

"Madzi opempheredwa ndipatse nkhuku?"

"Nkhuku yanuyo sinapiteko kudambwe. Ng'oma siidziwa. Ngati madziwa amalimbana ndi ziwanda zokha, idya n'kupita kukapalasa, ndipo ine ndichoka pafamu pano lero lomwe, osati kubalani, kumsewu. Simudzandionanso. Ngati ali madzi a Mulungu, mayi, mukuopa chiyani?"

M'nyumba Yeukai ankapuma mokoka, pakhosi pakulira ngati munthu woyamwa madzi otsala m'botolo. Luzia anaganiza kuti nkhani ya nkhalambayi ithere pomwepo. Anatsegula chivindikiro chofiira, anathira madzi mpaka madeya ananyowa, anaitana nkhuku. Thadzi linabwera ndi anapiye asanu ndi mmodzi, zinadya mbale yonse.

Anakhala. Iye pakhonde, iwo pa njerwa, pakati pawo pali bwalo ndi banga lakuda pamene panapsera ng'oma. Simbi inalira kushedi. Luzia sananyamuke. Ankanena pemphero chamumtima, ndipo sankadziwa bwino chimene akupempha.

Mthunzi wa mtengo wa gwafa utasuntha pang'ono, kamwanapiye kamodzi kanatsalira m'mbuyo. Kanayenda chammbali, kanakhala pansi, kanayasamula mlomo, ndipo pamlomopo panatuluka madzi olendewera. Kenako kachiwiri. Kenako thadzi lenilenilo linagwetsa mapiko, miyendo yake ikugwedera yokha pafumbi.

Miyendo imeneyo Luzia ankaidziwa. Anaisisita sabata yathunthu.

Analowa m'nyumba, anagwada pamphasa, anatsegula chikope cha mwana wake ndi chala. Kamwana ka m'diso kanali kakang'ono ngati poboola singano. Sanalire. Anamubereka, anamanga chitenje kawiri, anatuluka.

"Tengani ndi chigubuchi," anatero a Tickey. "Anamwino akachinunkhize, adziwa chochita. Musayende wapansi, thirakitala ili pamsewu wa kumabalani."

Thirakitala inali itadzaza fodya. Luzia anaima pakati pa msewu, mwana ali kumbuyo, chigubu chili m'manja, ndipo sanasunthe ngakhale Saturday, dalaivala wake, anaimba hutala katatu. Saturday anatsika, anayang'ana mwanayo, anamasula ngolo ya fodya n'kuisiya pomwepo.

Kukiliniki namwino ananunkhiza chigubu kamodzi n'kuchiika panja. Anabaya mwanayo jakisoni, anaitana galimoto ya chipatala cha m'tauni, kenako anafunsa kuti amene ankamumwetsa madzi amenewa ndani.

"Ndine."

"Masiku angati?"

"Khumi ndi limodzi."

"Nanga poyamba anadwala chiyani?"

Luzia anafotokoza za kugwa m'munda. Namwinoyo anati fodya wonyowa amalowa pakhungu, amaledzeretsa ngakhale akuluakulu, ndipo munthu akapuma masiku awiri zimatha zokha. Sanamukalipire. Luzia akanakonda kukalipiridwa.

Anakhala kuchipatala masiku asanu ndi limodzi. Yeremiya anabwera kawiri, ulendo uliwonse ankaima kumapazi kwa bedi chipewa chili m'manja. Anati anapita kubalani kukatenga bambo ake koma iwo anakana. Akuti anachotsedwa ndi anthu awiri, sangabwezedwe ndi mmodzi.

Tsiku limene anabwerera pakomboni, Grace anafika ndi masamba a maungu, nkhope ikuwala.

"Mai Yeukai, mukanakhalapo Lachisanu. A Madzibaba anachitira umboni za mwana wanuyu. Akuti chiwanda chinatuluka tsiku limene sekuru, apongozi anu aja, anachoka pakhomo, achipatala anangopukuta zotsala. Anthu anaimba mpaka mawu kutha. Akukuyembekezani mukathokoze."

"Grace, chigubu chako unachitenga pa mulu uja?"

"Ee, ngati inu."

"Usamweremonso. Yeukai anatsala pang'ono kufa ndi chigubu, osati ndi agogo ake. Nkhuku zanga zonse zinafa ndikuona ndi maso angawa."

Grace anaika masamba aja pansi.

"Changa ndinatsuka ndi madzi otentha. Ndiponso chinthu chopempheredwa chingaphe bwanji munthu? Samalani, mai Yeukai. Mwayamba kulankhula ngati sekuru."

Atapita, Luzia anakhala pakhonde nthawi yaitali. A Madzibaba sanathire kanthu m'madzi, zimenezo ankazidziwa. Chigubu anatola yekha, kapu ankanyamula yekha. Mulungu sanamusiye, popeza mwana ali moyo. Koma anali asanapeze poika mawu aja akuti wonyoza madzi ndi yemweyo, amene anamutseka makutu tsiku limene akanamva. Anaganiza zoti Lachisanu adzakwere kuphiri n'kukanena pamaso pa onse. Sankadziwa ngati adzamulola kumaliza.

Dzuwa litapendeka anatunga madzi a pampopi, anathira m'kapu yatsopano imene Yeremiya anagula m'tauni, analowa nayo.

"Dzuka umwe. Adokotala anati uzimwa madzi ambiri."

Yeukai anayang'ana kapuyo, anayang'ana dzanja limene linaigwira, anatembenukira kukhoma.

"Ndi apampopi, mwanawe. Ona, ndimwe ine poyamba."

Anamwa theka. Mwanayo sanatembenuke.

"Andipatse agogo."

Luzia anaika kapu pansi. Anamanga chitenje bwinobwino n'kutuluka, kudutsa mizere ya fodya wothyoledwa theka, mpaka kubalani yakale. Asanafike anamva kugogoda. A Tickey anakhala pakhomo pa balani, zigubu zoyera zili mulu pambali pawo. Anali atatuta mulu wonse wa kuseri kwa shedi. Ankatenga chimodzi, kuika msomali pansi pake, kumenya ndi mwala kawiri, n'kuchiponya kumbali ina.

Luzia anagwada chapatali, nkhope atayang'ana kumbali.

"Bambo."

Mwala unagogoda.

"Bambo, akazi anu abwera. Akukana madzi."

"Akukana bwanji?"

"Akuti muwapatse ndinu."

A Tickey anaponya chigubu, anatenga china.

"Suja manja angawa ndi oletsedwa?"

"Ndinalakwa, bambo. Ng'oma yanu sindingathe kuibweza."

"Simungathe. Mtengo wake ulipo kudambo uko, koma manja osemera anatha." Anamenya msomali. "Dzulo kunabwera amayi awiri kudzafuna zigubu zoyera. Atapeza zoboola anandinena kuti ndine mfiti yansanje. Zatsala zitatu. Dikirani."

Luzia anadikira ali chogwada. Atamaliza chachitatu, nkhalambayo inadzuka pang'onopang'ono itagwira khoma. Inapinda bulangete, inampatsa mpongozi wake kampoto kuti anyamule, ndipo anayenda, iwo patsogolo, iye pambuyo. Atafika pampopi wa pakomboni a Tickey anaima n'kupempha sopo. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anatsukuluza, anasambanso, kachitatunso, amayi otunga madzi akuyang'ana.

Analowa m'nyumba atawerama. Luzia anamva mawu awo m'kati.

"Akazi anga, mwaonda chonchi? Ine ndikusiyani ndikakwatire wonenepa ku Banket."

"Angakufuneni ndani, opanda mano?" Mawuwo anali aang'ono koma anali a Yeukai.

"Imwani kaye, tikambirane bwino za chisudzulo."

Luzia anatsala panja, monga mpongozi amachitira, ataima pambali pa banga lakuda lija, kampoto kali m'manja, akumvetsera mwana wake akumeza.